Lipoti la Pansi pa Tebulo la Sikelo

Mwa onse amene ankagwira ntchito pa likulu lina la boma la kafukufuku, panalibe woyenera ulemu kuposa mayi oyang'anira laibulale, ngakhale kuti chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi mosungira matsache. Ankawatcha Mayi Makadi, chifukwa lipoti lililonse lolowa m'chipindamo ankalilembera khadi ndi kulipatsa nambala. Kwa zaka makumi awiri anayenda ofesi ndi ofesi kutola malipoti amene akatswiri ankawaiwala m'makabati, ena chiswe chitayamba kale kuwalawa.

Lachiwiri lina kunafika injiniya wa milatho, mayi wachitsikana, nsapato zili matope okhaokha.

"Amayi, ndithandizeni," anatero. "Lolemba tiyamba kukumba maziko a mlatho pa mtsinje wa kumpoto. Ndamva kuti dothi la kumeneko linayezedwa kale ndi anthu anu, ndipo penapake ndi lotitimira. Ndikapanda kudziwa malo ake, tikaimika mzati pomwepo."

Mayi Makadi anasolola kabati ya makadi. Lipotilo linali nambala 417. Koma pa shelefu, pakati pa 416 ndi 418, panali mpata. Kuseri kwa khadi kunali mawu olembedwa ndi dzanja lawo lomwe zaka khumi ndi chimodzi zapitazo: abwereka a kuchipinda choyezera.

Mkulu wa chipinda choyezera, amene anzake ankamutcha Bambo Magalamu, anawalandira osadzutsa mutu.

"Lipoti? Kuno timayeza dothi, amayi. Zowerenga tinasiyira inu."

Mayi Makadi anayamba kufunafuna okha. Anayang'ana m'makabati, pamwamba pa uvuni woumitsira dothi, ndi kuseri kwa mabotolo. Atawerama, anaona chikuto chobiriwira chitasuzumira pansi pa mwendo wa tebulo lolemera limene pankakhala sikelo yaikulu.

"Musakhudze!" anakuwa Bambo Magalamu. "Tebulo limenelo linkagwedera. Tinayesa makatoni, tinayesa njerwa, koma lipoti lanulo ndilo linakwanira ndendende. Mukalisolola sikelo ipendekeka, ntchito ya mwezi wonse ilowa m'madzi."

"Achimwene, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukuyeza dothi mutapondereza zimene anzanu anayeza kale?"

"Komatu lagwira ntchito kuposa anzake ongogona pa shelefu aja," anatero akuseka.

Mayi Makadi sanaseke. Anapempha chida choyezera kuchindikala kwa zinthu, nagwada, nayeza lipotilo lili pomwepo. Lachitatu m'mawa anabwera ndi kathabwa kamene kalipentala wa pa likulupo anakapala mpaka kufanana nalo. Amuna anayi ananyamula tebulo pang'ono, lipoti linatuluka, kathabwa kanalowa. Bambo Magalamu anasuzumira kadontho kosonyeza ngati sikelo yakhala bwino. Kanali pakati penipeni. Anatsokomola, nayamba kupukuta magalasi.

Komabe vuto linali lisanathe. Madzi okolopera pansi a zaka khumi ndi chimodzi anali atalowa m'masamba, ndipo lipotilo linali litamatirirana, lolimba ngati thabwa lomwelo. Kulitsegula ndi mphamvu kukanang'amba manambala onse.

Masana a tsikulo injiniya uja anabweranso ku laibulale, ndipo posakhalitsa analowa Bwana Mkulu wa likulu lonse, amene anali atamva nkhaniyi kwa anthu oseka pakhonde.

"Musadzivutitse, Mayi Makadi," anatero mokoma mtima. "Ndili mnyamata ndinali m'gulu limene linakumba mayenje oyezera kumeneko. Manambala ambiri ndikuwakumbukira. Ndikhala pansi ndi mlembi wanga, ndizinena iye azilemba, ndipo mawa m'mawa injiniyayu atenga lipoti loyera bwino. Inu mungolipatsa nambala yake yakale."

Nkhope ya injiniya inawala. Mayi Makadi anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

"Bwana, ndifunse nawo. Dzenje limene munapeza dothi lotitimira linali kumtunda kapena kumunsi kwa pamene anthu amawolokera?"

"Kumtunda." Bwanayo anakanda chibwano. "Kapena kumunsi pang'ono. Ayi, ndikukhulupirira kuti kunali kumtunda."

"Pa mlathowo pazidzadutsa mabasi odzaza anthu. Zimene mukukhulupirira sindingazipatse nambala 417."

"Koma amayi, nthawi!" anadandaula injiniya. "Lolemba si kutali."

"Masamba alipo makumi asanu ndi limodzi, mwanawe, ndipo masiku ndili nawo awiri ndi theka. Ubwere Lachisanu tisanaweruke."

Bwana Mkulu anayesanso. "Chabwino, ndikutumizireni anthu awiri a kuchipinda choyezera akuthandizeni kumatula."

"Omwe analiika pansi pa tebulo aja? Zikomo kwambiri, bwana. Asamale sikelo yawo."

Mayi Makadi anayala nsalu yoyera patebulo lawo, nagoneka lipotilo, natenga kampeni kopyapyala kotsegulira makalata. Analowetsa nsonga yake pakona ya tsamba loyamba, naikankha pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Tsambalo linamatuka lathunthu. Osadzutsa mutu, anati:

"Potuluka mutseke chitseko. Mphepo ingandiulutsire tsamba."