Mbuna za a Gilford

Agatha anaona timadontho toyamba Lachiwiri m'mawa, atangomaliza kupemphera. Tinali pa chipsepse cha mbuna ina yachikasu, titatu kapena tinayi, toyera ngati wina waiwaza mchere. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje poganiza kuti ndi fumbi, koma nsombayo inatembenuka n'kulowa nato kuseri kwa mwala.

Thanki yagalasiyi anaipanga ndi amuna ake, a Gilford, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Mangochi. Anatola magalasi a mawindo akale, nakawotcheretsa zitsulo kwa mmisiri wa kumsika, ndipo anaiika pabalaza, pamene anzawo amaika kabati ya mbale. Munali mbuna khumi ndi ziwiri, tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja, zina zabuluu zamizere yakuda, zina zachikasu ngati papaya lakupsa. Pakona panali kampope kamagetsi kotulutsa thovu kuti nsomba zizipuma.

A Gilford anatengedwa mu Febuluwale, chaka cha 1984. Linali Loweruka masana, iwo atapisa mkono m'madzi mpaka m'chigongono, akukonza miyala. Kunafika amuna atatu pagalimoto nawapempha mwaulemu kuti akacheze nawo pang'ono. Anapukuta mkono, navala nsapato, ndipo ali pakhomo anacheuka.

"Muzizipatsa chakudya chochepa, amayi a Benedicta, kawiri patsiku. Zikakhuta kwambiri zimadwala."

Sanabwerere. Ena ankati ndi mawu amene ananena m'kalasi, ena ankati wina anachita kuwanenera. Kumene anali, palibe amene anamuuza Agatha, ndipo nthawi imeneyo munthu sunkafunsa kawiri.

Kuyambira tsiku limenelo njira ya ku nyumba yake inamera udzu. Lizzie, mkazi wa mphunzitsi wa nyumba yoyandikana, amene ankabwera tsiku lililonse kudzabwereka sefa kapena simbi, anayamba kuyanika zovala mbali ina ya nyumba yake. Kutchalitchi benchi imene Agatha wakhalapo inkatsala ndi malo uku ndi uku, ngakhale tsiku la mgonero pamene anthu amathinana mpaka pakhomo. Iye sanawasungire chakukhosi. Aliyense anali ndi ana oti alere. Mwana wake Benedicta anamutumiza kwa agogo ake ku Ntchisi, ndipo m'nyumba munatsala iye ndi phokoso la kampope. Chimene anapempha kwa Mulungu chinali chimodzi: kuti tsiku limene amuna ake adzalowe pakhomo, adzapeze nsomba zawo zonse khumi ndi ziwiri zili moyo.

Pofika Lachinayi zamadontho zinali zisanu. Zinkadzikhula pa miyala ngati mbuzi ya mphere, zipsepse zitakwinyika, ndipo ziwiri zinkangoyandama pamwamba n'kumapuma mofulumira. Agatha anali mwana wa kumtunda. Nsomba anaidziwa ili youma kale, m'thumba la wamalonda. Chimene ankadziwa bwino ndi mawu a Mulungu, ndipo anakumbukira lamulo lakale la khate, loti wansembe akaona banga loyera pakhungu la munthu amamupatula masiku asanu ndi awiri kuti msasa wonse usadetsedwe. Anatenga kaukonde, navuula zisanu zija mmodzimmodzi, naziika m'beseni la madzi a pampopi pakhonde la kuseri. Anazipempherera n'kuzivundikira ndi lichero kuopa mphaka.

Unali mwezi wa Juni ndipo mwera unali utayamba kuwomba. M'mawa mwake anapeza ziwiri zitagona chagada, zitatuwa. Anazikwirira pansi pa mtengo wa mandimu. Atalowa m'nyumba anaona kuti m'thanki, mwa zimene ankaziyesa zabwino, zitatu zatuluka madontho.

Munthu mmodzi yekha ndi amene akanadziwa. Che Bakali anagwirapo ntchito zaka zambiri kwa mzungu wina wotumiza mbuna kunja pandege, akumira m'miyala ndi kaukonde, ndipo ndi iwo anagwirira a Gilford nsombazi. Tsopano makutu anali atawavuta, ankangogulitsa chambo pamsika ndi akazi awo, Mwanabibi. Kale ankabwera kunyumba Lamlungu lililonse madzulo kudzakangana ndi a Gilford za mayina a nsomba, koma nawonso anali atasiya.

Agatha ataima pa benchi yawo, Che Bakali sanadzutse mutu. Anafunsa mokweza, kuti oyandikana nawo amve, ngati madamu akufuna chambo chachikulu kapena chaching'ono. Iye analoza chimodzi, nanena motsitsa mawu kuti nsomba za aphunzitsi zikufa. Che Bakali anatenga mpeni n'kuyamba kupala mamba pang'onopang'ono, ngati munthu amene alibe kopita.

"Zatuluka chiyani?"

"Timadontho toyera."

"Tili ngati mchere kapena ngati thonje?"

"Ngati mchere."

Anafunsa ngati mimba zatupa, iye anati ayi. Anafunsa ngati zikudzikhula, ngati zikudya, ngati maso achita mtambo. Kenaka anafunsa tsiku limene anasintha madzi komaliza, ndipo Agatha anayang'ana pansi. Sanasinthepo chiyambire Febuluwale. Ankangowonjezera akaphwera. Ankaopa kuti akayamba kutakasa, miyala ichoka pamene eni ake anaisiya.

Che Bakali anapukusa mutu. Anati matendawo amawadziwa, kwa mzungu ankabwera chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika. Kadontho kalikonse ndi kachilombo kamene kabisala m'khungu. Kakakhuta kamagwera mumchenga, kamaswana kukhala mazanamazana, ndipo anawo amasambira kukafuna nsomba ina. Kali pathupi sungakaphe. Umakadikira katsike.

Agatha anafotokoza za beseni lija.

"Pakhonde? Ndi mphepo ino?" anatero Mwanabibi, amene nthawi yonseyi ankaoneka ngati akungoingitsa ntchentche. "Inu madamu, mwana akatentha thupi kwanu ku Ntchisi mumakamugoneka panja?"

"Kazibwezeni lero lomwe," anatero Che Bakali.

"Zikapatsira zinzake. Ife timawerenga kuti wodwala chotere amapatulidwa."

"Zinzakezo zadwala kale, kungoti sizinaonetse. Madzi ndi amodzi, madamu. Mukachiza, muchiza zonse pamodzi."

Anatumbula chambo chija akufotokoza zoyenera kuchita. Madzi a pampopi ayambe akhala m'ndowa tsiku lathunthu padzuwa kuti mankhwala ake athe mphamvu. Pa masiku awiri aliwonse achotse gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi a m'thanki, pokoka ndi paipi kuchokera pansi penipeni, mumchenga, pamene pali adaniwo. M'ndowa iliyonse ya madzi atsopano asungunulemo supuni yaikulu ya mchere, ndipo pakatha masiku awiri aziika masupuni awiri. Asathire mchere wouma pa nsomba. Chachikulu ndi kufunda: madzi akhale ofunda ngati a m'nyanja mwezi wa Novembala, chifukwa kukafunda tizilomboto timatsika msanga n'kukumana ndi mchere. Ndipo madontho akatha asanyengeke, apitirize masiku ena asanu ndi awiri.

Agatha anamvetsera zonse n'kuzibwereza chamumtima ngati vesi loloweza. Kenaka anafunsa chimene sanafune kufunsa, ngati Che Bakali angapatuke tsiku lina kudzaziona, ngakhale pawindo pokha.

Che Bakali anatsuka mpeni, naupukuta, nautsukanso.

"Ndili ndi ana asanu ndi anayi, madamu," anatero. "Inshallah zichira."

Mwanabibi anakulunga chambo m'pepala, ndipo Agatha atalilandira anamva kuti likulemera kuposa nsomba imodzi. Kunyumba anapezamo kampukutu ka mchere wamiyala, woumikira nsomba.

Anabweza zitatu za m'beseni. Paipi ya a Gilford anaipeza itakolekedwa kuseri kwa chitseko. Poyamwa kuti madzi ayambe kuyenda anachedwa kuchotsa pakamwa, ndipo anamwa madzi onunkha a miyezi inayi. Analavula, natsokomola, kenaka anangozindikira akuseka. Anadabwa kumva mawu ake omwe akumveka m'nyumbamo. Zonyansa zimene zinatuluka mumchenga zinali zakuda ngati matope a m'dambo. Miyala ina anachita kuisuntha ndithu, ndipo poibwezera sanakumbukire bwino kuti uti unali pamwamba pa uti.

Chotenthetsera madzi analibe. Anatsuka mabotolo anayi a Sobo, ndipo ankawadzaza madzi otentha a pambaula, kuwatseka zolimba n'kuwayandamitsa m'thanki. Anatenga bulangete la mbali ya amuna ake nakutira galasi, n'kusiya kampata kutsogolo koonerapo. Mabotolo ankazizira pakatha maola awiri. Tsiku lake lonse linakhala lotero: kukoleza makala, kusintha mabotolo, kupisa chigongono m'madzi monga amayesera madzi osambitsa khanda.

Lamlungu belu litalira anali atavala kale, buku la nyimbo lili m'manja. Anaima pakhomo n'kuwerengera: kupita, mapemphero, kubwera, maola anayi. Chibadwire sanajombepo kutchalitchi popanda kudwala. Koma anakumbukira kuti Ambuye mwini anavomereza kuti chiweto chikagwera m'dzenje tsiku la Sabata chivuulidwe, ndipo sananene kuti chiwetocho chikhale chachikulu bwanji. Anavula nsapato nakoleza mbaula. Mphepo inkabweretsa kuyimba kwa mpingo mwa apo ndi apo, ndipo iye anatsegula buku pa nyimbo yomweyo n'kumayimba alito yake yekha, atakhala pampando pafupi ndi thanki. Pomwe mphepo yadula, ankapitiriza, ndipo ikabwerera ankapeza kuti wawatsogolera pang'ono. Anthu atatuluka anamva mapazi awo akudutsa mumsewu. Palibe anapatuka kudzafunsa chimene chamuletsa.

Madontho anayamba achuluka. Lolemba inafa ina mwa za m'beseni zija. Lachitatu inafa yaikulu yabuluu, imene a Gilford ankaitcha Ahedi chifukwa inkathamangitsa zinzake zonse pa mwala wapakati. Iyi Agatha anaigwira m'dzanja nthawi yaitali. Masana amenewo sanapemphere monga anaphunzitsidwira. Anamuuza Mulungu mosabisa kuti sanapemphe kuti makoma a ndende agwe, sanapemphe ngakhale kalata, anangopempha tinsomba, tinthu timene asodzi amataya pamchenga. Anafunsa ngati nachonso chinali chachikulu. Mabotolo anali atazizira, ndiye anadzuka kukawasintha.

Lachisanu anaona kuti yachikasu ija, yoyamba kudwala, yatsala ndi kadontho kamodzi kumchira, ndipo ikubudula ndere pa mwala. Lamlungu linalo anayang'ana iliyonse mbali zonse ziwiri osapeza kanthu. Zipsepse zinali zitatambasuka. Ina yabuluu inali italanda kale mwala wa Ahedi n'kumathamangitsa zinzake. Makala anali atatsala pang'ono, msana ukumuwawa ndi ndowa, ndipo mtima unamuuza kuti basi zatha. Koma anagula makala ena napitiriza masiku asanu ndi awiri, kufunditsa ndi kuthira mchere nsomba zooneka zabwinobwino. Atakwanitsa, anayamba kuthira madzi opanda mchere.

Tsiku limenelo anasamba, navala diresi la maluwa, napita kumsika. Njira yonse ankakonza mmene anenere mwachidule kuti nsomba zachira, akuloza chambo, kuti oyandikana nawo asamve. Pa benchi ya Che Bakali anapeza mayi wina wachilendo. Mayiyo anati eni ake anakwera boti sabata yatha kupita ku Makanjira, kumaliro a mchimwene wawo, ndipo zikumveka kuti akhalitsa chifukwa kuli maukonde ofunika woyang'anira. Agatha anaima pomwepo, mawu ali kukamwa. Mayiyo anamuyang'ana n'kufunsa ngati akufuna chambo kapena utaka. Anagula utaka pang'ono.

Pobwerera anaona Lizzie akusesa pakhomo pake. Agatha anachepetsa liwiro. Lizzie anadzutsa mutu, maso awo anakumana, milomo yake inagwedera ngati apereka moni, kenaka anawerama n'kupitiriza kusesa pamene anali atasesa kale.

M'nyumba anachotsa bulangete, nalipinda, nakaliika pabedi. Dzuwa la masana linalowa pawindo n'kufika m'madzi. Anaziwerenga kawiri: zisanu ndi zitatu. Anagwada pasimenti nathokoza, ndipo pothokozapo anatchula Che Bakali ndi Mwanabibi ndi ana awo asanu ndi anayi, anatchulanso Lizzie.

Atadzuka anakhala pampando wa amuna ake n'kuyamba kuyeserera mokweza mmene adzawauzire. Anayamba ndi beseni la pakhonde, koma anaona kuti sizikumveka bwino. Anayambanso ndi Ahedi, koma analekezera pakati. Kachitatu anati, "Bambo a Benedicta, zilipo zisanu ndi zitatu," ndipo anaona kuti adzayambira pamenepo. Zinazo adzafunsa okha.