Tsamba Loyamba la Dikishonale

Foni ikalira, a Pulofesa Vasilache ankayamba aimirira ndi kumanga mabatani a jekete, kenaka n'kuiyankha. Woimbayo akakhala munthu wamba, ankakhalanso pansi n'kumasula batani limodzi. Akakhala wa ku unduna, ankalankhula chiimire mpaka mapeto, akuweramira khoma. Otilia Cernat anali ataziona zimenezi kwa zaka khumi ndi zinayi, moti ankadziwa udindo wa woimba foni asanamve n'dzina lomwe.

Zaka zonsezo awiriwa ankalemba dikishonale ya Chingerezi ndi Chiromaniya m'chipinda chozizira cha mumzinda wa Cluj. Liwu lililonse linali ndi kakhadi kake, ndipo timakhadito tinkasungidwa m'makatoni a nsapato. Otilia analembedwa ntchito ngati wotayipa chabe. Koma maso a Pulofesa atayamba kufooka, iye ndi amene ankafufuza matanthauzo, kuwalemba pamanja ndi kuwawerenga mokweza, eni akewo n'kumangogwedeza mutu.

Otilia digiri analibe, Chingerezi anachiphunzirira m'makatoni omwewo. Kwawo ku Turda amayi ake anali atagwa kawiri nyengo yozizira yapitayo, wowadzutsa kunalibe, choncho ankafuna ntchito kufupi nawo. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina kumeneko anamuuza kuti malo ophunzitsa Chingerezi alipo, koma poti analibe satifiketi, abweretse umboni wina sukulu zisanatsegulidwe. Dzina lake pa tsamba loyamba la bukulo likanakwanira, ndipo a Pulofesa anali atamulonjeza kalekale kuti lidzakhalapo.

Buku litatsala pang'ono kusindikizidwa, a Pulofesa anamuuza kuti atulutsenso kakhadi ka liwu loti eminent. Otilia sanaone chifukwa, popeza liwulo lilimo kale m'Chiromaniya ndipo mzere umodzi unali wokwanira. Komabe anakhala pansi n'kumvetsera zomwe anali atazimva kambirimbiri. Liwulo linachokera ku Chilatini. Poyamba linkanena chinthu chotumphuka kuposa zinzake, ngati kaphiri pakati pa chidikha. Angelezi amalisungira madokotala, oweruza ndi anthu ozama m'maphunziro, osati woimba kapena wampira aliyense amene dzina lake lili pakamwa pa anthu.

"Kutchuka ndi phokoso chabe, mwana wanga," anatero a Pulofesa. "Ili ndi liwu laulemu. Ndiye chitsanzo chija tichisinthe. Ulembe kuti a Zamfirache ndi munthu wotero."

A Zamfirache anali mkulu wa ku unduna amene ankagawa mapepala osindikizira mabuku, ndipo chaka chimenecho mapepala ankasowa kuposa nyama.

"Amene aja Chingerezi chawo chimathera poitanitsa mowa?" Otilia anafunsa. "Bwana Pulofesa, chotumphuka pa bambo amene aja ndi mimba yokha."

A Pulofesa sanaseke. Anayamba kufotokoza kuti popanda mapepala palibe buku, kuti zaka zonse zija zidzathera m'mbaula, kuti munthu wamkulu amafunika kumusisita. Akulankhula choncho anamukankhira envelopu yochokera kwa osindikiza, iwo n'kuyamba kusakasaka magalasi omwe anali pamphuno pawo.

Munali tsamba loyamba loyeserera. Pamwamba, m'zilembo zikuluzikulu, panali dzina la a Zamfirache monga mlangizi wamkulu. M'munsi mwake munali la a Vasilache. Otilia anatembenuza pepalalo, kuseri kunali koyera.

A Pulofesa anati mlangiziyo waona kuti mayina atatu akuthinana patsambapo, koma bukulo likadzasindikizidwa kachiwiri adzakonza.

"Muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, bwana Pulofesa. Kachiwiriko mudzakhala muli kuti?"

Otilia anayembekezera kuti mtima wake upsa, koma sunapse. Anangomva kulemera m'mapewa ngati wasenza malasha tsiku lonse. Anapempha chinthu chimodzi basi: kalata yopita kwa mphunzitsi wamkulu uja, yonena kuti kuchokera pa M mpaka Z ndi ntchito yake. A Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Kalata imayenda, Otilia. Ikafika kuyunivesite, anthu akadziwa kuti theka la bukuli sindinalembe ndine, ine nditsala ndani?"

A Pulofesa anadzipereka kulemba kuti ndi wotayipa wakhama ndiponso wosunga nthawi. Otilia anakana. Anakokera mpando pamakina n'kutayipa chitsanzo cha a Zamfirache monga anamuuzira, osalakwitsa chilembo, n'kuchiika patebulo pawo. Kenaka anapita pashelefu n'kutsitsa makatoni atatu a timakhadi tolemba pamanja. Tonse tinali titatayipidwa kale, osindikiza sankatifunanso. Pa kalikonse panali dzanja lake, deti, ndi malo amene anakhwatcha n'kuyambiranso.

"Amenewa ndikupita nawo," anatero. "Mphunzitsi wamkuluyo adziwerengere yekha. Akafuna, ndimulembere liwu lina akuona."

A Pulofesa anafunsa kuti nanga awawerengere ndani masamba akabwera kuchokera kwa osindikiza. Otilia anawauza kuti afunse mlangizi wawo wamkulu.

Masana omwewo, m'kachipinda komwe ankachita lendi, anatsitsa sutikesi pamwamba pa wodiropu. Makatoni anadya malo ambiri, moti anasiya nsapato za nyengo yozizira ndi diresi limodzi. Anakanikiza chivindikiro ndi bondo mpaka loko inatseka, n'kuiimika pafupi ndi chitseko kudikira basi yam'mawa yopita ku Turda.