Msonkho wa Venansio

Venansio analowa m'Malawi wapansi, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Atatopa ndi moyo wa kukampu, anatsikira ku Blantyre nkupeza ntchito yowotcherera zitsulo pagalaji ya a Maxon ku Zingwangwa. A Maxon anali ndi maminibasi awo, ndipo ankalankhula mofatsa ngakhale potukwana. Komweko Venansio anakwatira Ida, yemwe ankagulitsa makala kumsika.

Mwezi ukatha a Maxon ankamupatsa malipiro m'manja.

"Ndadulapo msonkho wa boma," ankatero. "Mlendo ukapanda kulipira msonkho amakutsekera."

Venansio ankathokoza.

Chaka cha chisankho nkhondo inali itatha, ndipo malole anayamba kubwezera othawa nkhondo kwawo. Khadi limene Venansio ankakhalira m'dziko muno linatha ntchito. Ida anali woyembekezera. Venansio anavala shati yake ya kutchalitchi nkupita ku ofesi ya imigireshoni kukapempha pemiti yokhalira kuno ngati wantchito.

Mayi wa pakauntala anamulandira bwino. "Mwakwatira kuno, ntchito muli nayo, zikhoza kutheka. Mubwere ndi kalata ya abwana anu komanso mapeyisilipi, mapepala osonyeza malipiro anu ndi msonkho umene amakudulani."

Venansio anali asanaonepo peyisilipi chiyambire ntchito. Anakawauza a Maxon.

"Zosavuta zimenezo, achimwene," anayankha a Maxon. "Tangomalizani kaye minibasi yagundidwa ija."

Anaimaliza, mpaka kugwira Lamulungu. Itatuluka imeneyo panabwera ina. Mapepala osaoneka. Tsiku lina Venansio anawapeza a Maxon atakhala pamthunzi.

"Abwana, musavutikenso. A imigireshoni akuti akafunsa okha ku ofesi ya msonkho. Ndawapatsa dzina lanu."

A Maxon anamwetulira. Msonkho umene ankamudula zaka zonsezo sunkafika kuboma.

Lachisanu m'mawa pagalaji panafika apolisi ndi bambo wa imigireshoni. Amene anawaitana anali a Maxon.

"Ndi uyo," anatero a Maxon, kumuloza. "Sagwira ntchito pano ameneyu. Amangobwera kudzapempha maganyu, ine nkumamumvera chisoni. Ndiye masiku ano zida zayamba kusowa."

Venansio anavula magalasi owotcherera. Poyamba anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala.

"Abwana, ndine ndemwe, Venansio." Anatembenukira makaniko mnzake amene ankadya naye limodzi masana onse. "Abdula, tawauzani anthuwa."

Abdula anali atalowetsa mutu mu injini. Sanautulutse.

Wapolisi atatulutsa unyolo, a Maxon anamuimitsa. "Dikirani pang'ono. Ovololo wavalayo ndi yanga."

Venansio anavula pamaso pa anthu. Apolisi anadutsa naye pamsika ali m'kabudula ndi vesti yobooka ndi moto. Ida anasiya makala nkuwathamangira akukuwa, koma mimba inamulepheretsa.

Madzulo Ida anapita kunyumba kwa a Maxon ku Nancholi. Anagwada pageti.

"Bambo, kalata yokha. Mungolemba kuti amagwira ntchito kwa inu. Zina zonse sitifunsa."

"Mayi, pokwatiwa ndi munthu wopanda dziko munafunsa ine?" A Maxon anayang'ana mimba yake. "Imirirani, mudzipweteka. Mawa mubweretse thumba la makala, ndidzagula."

Anauza mlonda atseke geti.

A imigireshoni anakamutula Venansio paboda ya Muloza. Anayenda mpaka kumudzi kwawo kuseri kwa Milanje, nkupeza udzu utamera pamene panali nyumba ya mayi ake. Panalibe wodziwa kumene abale ake anapita. Ali komweko, Ida anabereka mwana wamkazi, Olive.

Mvula isanayambe, Venansio anabwerera kudzera njira zam'tchire. Ku Zingwangwa sanapondeko. Anapeza kachipinda ku Bangwe, nkusintha dzina, nkuyamba kuswa miyala m'mbali mwa phiri. Zowotcherera sanazigwirenso, chifukwa eni magalaji a m'tauni amadziwana onse.

Ida ankapita kukamuona Lamulungu, Olive ali kumsana. Ankaopa kuti mwanayo akayamba kulankhula adzaulula kwa anthu a ku Zingwangwa kuti bambo ake anabweranso. Choncho anamuphunzitsa kunena kuti akupita kwa amalume. Olive anagwira msanga. Akafika ku Bangwe ankagwada pafupi ndi mulu wa miyala nkunena kuti, "Muli bwanji, amalume?"

Venansio ankaika nyundo pansi nkuyankha kuti ali bwino.