Malamulo a Amalume

Aphunzitsi atapuma pa ntchito anatsala ndi zinthu ziwiri: mawu olamula ndi mabuku odzaza makatoni asanu. Mawuwo ankawathera pa akazi awo. Mabukuwo anawatsekera m'chipinda chakumapeto pamodzi ndi njinga yopanda tcheni, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Ankawakonda mabukuwo, osati pang'ono ayi, ndipo chimene ankaopa kwambiri pa dziko lino chinali manja a ana.

Tsono mwana wa mchemwali wawo, mtsikana amene anali namwino, anapeza chipinda momwe kale munkasokera telala, nati atsegulemo laibulale ya ana. Mashelefu anali atakhomedwa kale. Chosowa chinali mabuku ndi munthu woyang'anira, ndipo zonse ziwirizi zinali kwa amalume ake.

"Pitani, bambo," anatero akazi awo. "Mwina makutu angawa n'kupumako."

Koma Aphunzitsi sanali munthu wovomera zinthu m'chimbulimbuli. Anamuitanitsa namwinoyo, n'kumukhazika pampando, iwo n'kuimirira ngati ali m'kalasi.

"Tiyambe tagwirizana kaye. Laibulale imeneyi cholinga chake n'chiyani?"

"Kuti ana aziwerenga, amalume."

"Wakhoza. Ndiye mwana aliyense azisamba m'manja pakhomo. Phokoso ayi. Buku silituluka."

"Zosamba m'manjazo ndavomera, ndi ntchito yanga imeneyo. Za phokoso tikambirana. Koma buku lizipita kunyumba. Ana ambiri akaweruka kusukulu amakalera ang'ono awo. Adzakhala nthawi yanji m'laibulale?"

"Lipite kunyumba? Likasanduke chokupizira moto?"

Anakokanakokana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Paja magazi ndi amodzi, makani a namwinoyo sankasiyana ndi a amalume ake. Potsiriza mtsikanayo ananyamula chikwama chake. "Ngati ndi choncho, pepani, khalani nawo mabuku anu. Ndikapempha kwina."

Mawu amenewa anawalasa Aphunzitsi. Mumtima anali atadziona kale atakhala patebulo la pakhomo, tayi ali pakhosi, makolo akudutsa n'kumanong'onezana kuti mabuku onsewa ndi a munthu mmodzi.

"Iwe sukudziwa chimene ukukana," anatero akutulutsa kiyi. "Bwera udzaone mmene buku losamalidwa limaonekera."

Chitseko chinachita kukankhidwa ndi phewa. Aphunzitsi anasuntha njinga, anagwada pa katoni ya pakona, n'kumatula tepi mwaulemu wonse. Buku lapamwamba linkaoneka bwinobwino. Atalinyamula, m'manja mwawo munangotsala chikuto. Zina zonse zinali dothi. Chiswe chinali chitalowera pa mng'alu wa simenti, n'kudya katoni imeneyo ndi inzake kuyambira pansi, ndipo chinali chidakali pa ntchito.

Akazi awo anasuzumira pakhomo. "Kani owerenga munali nawo kale," anatero. "Ndiponso sachita phokoso."

Namwinoyo analuma mlomo kuti asaseke, koma ataona nkhope ya amalume ake, kusekako kunathawa kokha. Aphunzitsi anali chigwadire, akupukuta chikuto chija ndi dzanja la malaya. Pachikutopo panali chithunzi cha sitima yapamadzi. Anamva chisoni chachikulu, ndiponso manyazi.

"Mwana wanga woyamba ankalilira buku ili," anatero motsitsa mawu. "Ndinkamuuza kuti akule kaye. Pano ali ndi ana ake."

Makatoni atatu amene anali patebulo anapulumuka. Namwinoyo anawatsegula imodziimodzi, n'kupeza mabuku onse ali bwino.

"Ndiye titani, amalume?"

"Kaitane galimoto, achoke lero lomwe. Zosamba m'manja zikhalepo, pamenepo sindisintha."

"Nanga zopita nawo kunyumba?"

"Azipita nawo."

"Ena adzabwera atang'ambika, ndikuuziranitu."

Aphunzitsi anatapa dothi la m'katoni muja, n'kulisiya likuyoyoka pakati pa zala.

"Tsamba limene wang'amba mwana ndidzalimata," anatero. "Nanga ili ndilimata bwanji?"