Mtengo wa Machila a Simeoni

Chester anali atakwera kale pa mtondo, dzanja lili kudenga la khitchini, pamene mayi Eneles anamupeza.

"Tsika."

"Ndikungoyeza, amayi."

"Ukayeze kwa amako. Tsika."

Amuna awo, a Simeoni, anali ataikidwa dzana. Anthu anali asanamete n'komwe. Koma Chester, mwana wa mlongo wa malemuyo, anali atafika kale ndi galimoto kuchokera ku Likhubula, kumene ali ndi nyumba yogona alendo okwera phiri. Wailesi sanaifune. Njinga sanaiyang'ane. Ankafuna mtanda wa denga la khitchini.

Mtandawo unali mtengo wa machila, amene kale ankanyamuliramo azungu pokwera phiri. Machila atatha ntchito, mtengowo unatayidwa kuseri kwa esiteti ya tiyi, banjali n'kuutola. A Simeoni ali mnyamata anagwirapo ganyu ya machila, ndipo mzungu wina anawajambula kanema. Nkhaniyo anaisimba moyo wawo wonse, ku mowa, ku tchalitchi, ngakhale pa maliro a eni ake. Kanemayo panalibe anamuonapo. Tsopano mdzukulu wa mzungu uja anali atagona kwa Chester n'kumusiyira kanemayo pa chimbale.

"Ndiukoloweka pakhoma alendo aziona," anatero Chester. "Malume anasenza dona pa mtengo uwu kukafika pamwamba pa phiri. Thukuta lawo ndi la kuchimuna, ndi lathu."

"Nanga mvula ndi ya kuchiyani? Mitambo iyo sukuiona? Ndiziphikira pansi pa ambulera?"

"Ndikubweretserani wa bulugamu."

"Chiswe n'chibale chako?"

Malita, mwana wawo wamkazi, anayesa kulowererapo. "Amayi, anthu akumva."

"Amve. Atithandize umboni." Anatembenukira kwa Chester. "Iwe kanemayo wamuona?"

"Poyambirira pokha. Malume ali kutsogolo, chifuwa chotere."

"Chabwino. Tionere tonse. Mtengo ukakhudza phewa la malume ako, zula, ndikuthandiza kukweza m'galimoto. Ukapanda kukhudza, mtengo utsala, undifolerenso khitchini mvula isanagwe. Udzu ugula wekha."

Chester anavomera msanga, ngati munthu wotola nkhuku yakufa kale.

Masana omwewo anakabwereka TV ku Chitakale n'kuilumikiza ku batire. Malita anatseka mawindo ndi zitenje. Anthu a pa maliro anadzazana m'nyumba, ena pakhomo, ndipo azimayi a chigwirizano anasiya nyimbo pakati.

Phiri linaoneka, lopanda mtundu, likunjenjemera. Mzungu wosaoneka ankalankhula Chingerezi cha m'mphuno. Kenaka panatulukira machila, dona atagona m'kati, chipewa chili kumaso.

"Awo malume," anatero Chester, akuloza chimunthu chachitali cha kutsogolo.

"Amenewo ndi a Fanuel a ku Thuchila," anayankha mayi Eneles. "Malume ako anali ngati mtondo unakwerapo uja."

"Anthu amafupika akamakalamba."

"Iwo anabadwa atafupika kale. Yang'ana kumbuyo."

Kumbuyo kunali anthu awiri aatali, ndipo pakati pawo panali kamnyamata. Nkhope katakwinya, mitsempha ya m'khosi ili njo, pakamwa yasa, kakutsogolera nyimbo. Pa phewa kanaika nsanza yopindapinda. Koma pakati pa nsanzayo ndi mtengo panali mpata woti nkhuku n'kudutsa osawerama.

Kenaka mkulu wina wa mpingo anatsokomola, chifuwacho n'kusanduka phwete.

"Ndi iyeyo. Bokosi la maliro ankanyamulanso choncho. Kubuula ndiye ankatiposa tonse."

Nyumba yonse inagwa nacho chiseko, anamfedwa omwe. Malita anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Dikirani," anatero Chester. "Akafika pokwera ukhudza."

Pokwera anafika. Aatali aja anawerama, mtengo unatsika, kamnyamata nako kanapinda mawondo.

"Mtengo umenewo pouchotsa ku esiteti ndinausenza ndine," anatero mayi Eneles. "Iwo anali patsogolo, kundiuza pamene pali miyala."

Anadzuka kuti akaone moto, poti kwa iwo mlandu unali utatha. Koma Malita anawagwira chitenje.

"Amayi, taonani."

Machila ankadutsa pa kamtsinje. M'mbali mwa njira munali mtsikana atagwada pa mtolo wa nkhuni, akulimbana nawo kuti adzitwike. Kamnyamata kaja kanayang'ana kapitawo, kanayang'ana dona, n'kutuluka pamzere. Machila sanapendekeke ngakhale pang'ono. Kanachotsa nsanza ya pa phewa ija, kanaipota nkhata, n'kuika pamutu pa mtsikanayo. Kenaka kanakweza mtolo wonse kokha, miyendo ikunjenjemera, ndipo ulendo uno pakamwa panali potseka. Mtsikanayo anakaloza chala kumaso, akukalipa. Iko kanangoseka n'kuthamangira machila, phewa lili lopanda kanthu.

Mayi Eneles anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Chala chimenecho ndikuchidziwa," anatero Malita motsitsa mawu. "Mumawauza chiyani?"

"Ndimati wanditwika mokhota."

Panalibe anaseka. Mzungu wa m'mphuno uja anapitiriza kulankhula za mitengo ya mkungudza.

Chester anakanda m'mutu. "Udzu ndibweretsa Loweruka, amayi."

"Lachisanu. Ndi luzi lomwe." Maso awo sanachoke pa TV. "Chinthu chakochi chimabwerera m'mbuyo?"

"Chimabwerera."

"Bwezera. Osati kwa donayo, ndamuona wakwana. Pa nkhunipo."

Chester anabwezera. Kamnyamata kanatulukanso pamzere, kakupota nsanza ija. Mayi Eneles anakweza dzanja n'kukonza duku lawo pamwamba pa mutu, pamene pamakhala nkhata.