Chidindo cha Pansi pa Kabasi

"Kachitatu! Kabasi kamodzimodzi aka akabweza kachitatu!"

"Malume, musakuwe, zidole zingagwe pa shelefu."

"Usandiseke, iwe Wamaloto. Zidole mazana awiri unajambula osalakwitsa ngakhale chimodzi. Aka kakukanika pati?"

Mtsikanayo anangowerama n'kumapukuta galasi la kamera. Malume ake anayamba kutolera zidole zamalata ali mnyamata, ndipo mtsikanayo atangomaliza sukulu, malumewo anamupatsa ntchito yozijambula kuti zilowe m'kaundula wa pa intaneti, momwe otolera zidole amafananitsa zawo ndi za anzawo. Ntchitoyo inali ndi malamulo ake. Nsalu yoyera patebulo, nyali ziwiri, rula pambali. Kujambula kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, kenako kuchigadabuza chidolecho kuti chidindo cha amene anachipanga chioneke. Dzimbiri osalibisa, pokalika osapakapo penti.

Ankaikonda ntchitoyo. Ankakonda fungo la mafuta a makina m'kachipindako, ndi mmene zimbalangondo zoimba ng'oma zinkamuyang'anira zili pamzere, duu, ngati zikudikira kuyitanidwa kukavina. Koma chimene chinkamudzutsa m'mamawa chinali china. Chithunzi chilichonse chisanalowe m'kaundula chinkadutsa m'maso mwa woyendera zithunzi, ndipo woyenderayo sankangolemba kuti "zalandiridwa" ngati anzake. Ankawonjezerapo kamawu. "Woyendetsa sitimayu akuoneka ngati sanamwe tiyi." Tsiku lina analemba kuti, "Mthunzi wa hatchiyi ndaukonda, koma malamulo sakuukonda. Bwerezani." Kuyambira pamenepo mtsikanayo ankamutcha Abwerezani mumtima mwake, n'kumamupangira nkhope. Wamtali. Wamawu apansipansi.

Kuti woyenderayo ali m'tauni momwemo anadziwa tsiku limene kamawu kake kanali kodandaula za msewu wokumbidwa wa pafupi ndi laibulale. Ndiye mtsikanayo anawerenga malamulo a kaundula mpaka kumapeto, n'kupeza loti chidole chikabwezedwa katatu, woyendera wapafupi amabwera kudzachiona ndi maso. Kudikira kuti adzakumane mwangozi pamsewu? Akanachita kukalamba! Ulendo woyamba sanajambule kunsi kwa kabasiko. Wachiwiri chala chake chinaphimba chidindo. Wachitatu anagwedeza kamera.

"Munthuyo akubwera mawa," anatero malume. "Akadzati vuto ndi wojambula, kamera ndikulanda, ndiyitane wa ku situdiyo. Wandichititsa manyazi pamaso pa anzanga, akuyesa kabasi kanga n'kabodza."

Apa mtsikanayo anasiya kupukuta galasi. Za manyazi a malume sanaziganizire.

Mawa lake masana kunamveka odi. Abwerezani sanali wamtali ayi. Anali mnyamata wamfupi, wamagalasi omanga ndi ulusi pambali, nsapato zili matope okhaokha. Anazivula pakhomo asanauzidwe. Anatulutsa magolovesi oyera m'thumba, n'kukanyamula kabasiko ndi manja awiri ngati khanda, n'kukagadabuza. Anayang'ana chidindo nthawi yaitali.

"Bambo, aka n'kenikeni. Ndangoonapo kamodzi kokha kotere, koma kanalibe kiyi."

Malume anamwetulira mpaka mano a m'tsaya kuoneka. "Wamva, Wamaloto? Nanga wojambulayu, achimwene, mukuti bwanji?"

"Wojambulayu musamutaye. M'kaundula monse mulibe wina."

"Ee, wapulumuka mwana wa mlongo wanga," anatero malume akutuluka kukatereka tiyi, akuimba mluzu.

M'kachipindamo munatsala awiri. Mnyamatayo anapotokola kiyi, kabasi n'kuyamba kuyenda pansalu, krrr, mpaka kukagunda rula. Onse anaseka.

"Achemwali," anatero akuvula golovesi, "munthu amene anajambula dzimbiri la mkati mwa gudumu la kanjinga kamalata kaja sangaiwale chidindo katatu. Ndipo chala chija munachiyika bwino zedi, pakati penipeni. Ndakwera mabasi awiri, ndaponda matope. Tandiuzani, chinavuta n'chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana chitseko. Kukhitchini makapu ankalira kale. Nthawi inali yochepa, ndipo iye sanabadwe wodikira.

"Palibe chinavuta," anatero. "Ndimafuna mubwere. Ndimafuna kumva zija mumandilemberazi mukuzinena ndi pakamwa."