Phukusi la Bokosi 41

Renae ankatsuka mbale imodzi yagalasi kachitatu. Kunsi kwake kunali kapepala komata kolembedwa kuti Lindqvist, ndipo ankasamala kuti madzi asafufute dzinalo. Pambali pa sinki panali mbale zina zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi dzina la mwini wake. Chimwalirireni bambo ake, a Milo Vosika, m'chipatala ku Omaha Lachisanu lapitalo, anthu a m'mafamu sanaleke kubweretsa chakudya. Makaroni a tchizi, mbatatesi, nyama yootcha mu uvuni. Palibe ankadya.

Ankachedwa dala. Akangomaliza, ankayenera kutembenuka n'kukakhala patebulo, pamene mchimwene wake Garrett anali atayala mapepala pamaso pa amayi awo, a Lorna.

"Si nkhani yaikulu, amayi," Garrett ankatero. "Mawa kuholo ya sukulu inu mukangokhala pambali panga. Simukalankhula kanthu. Wolankhula ndine."

"Nanga pepalali?"

"Ndi mawu omwewo. Mukasaina pansipa, aphungu apita nalo."

Kwa miyezi ingapo wailesi inali ikukamba za ganizo loti boma ligulitse positi kwa makampani. Aphungu awiri ankazungulira m'matauni ang'onoang'ono kumva maganizo a anthu, ndipo Lachinayi linali tsiku la tauni yawo ya Halvik. Garrett anali woyang'anira madalaivala pakampani ina yonyamula katundu ku Denver. Mabwana ake atamva kuti bambo ake, amene ananyamula makalata zaka makumi atatu ndi chimodzi, amwalira, anamutumizira maluwa. Kenako anamuimbira foni.

"Maliro ndi Loweruka, mwana wanga," anatero a Lorna. "Bambo ako sanafike n'komwe pakhomo pano."

"Afika. Ndinakuuzani kuti zimenezo mundisiyire."

Thupi linatenthedwa ku Omaha konko, monga mwini wake ananenera. Koma mapepala ake ankatenga masiku, ndipo a Lorna sakanatha kukhalabe m'hotelo akuyang'ana khoma. Garrett ndiye anati tiyeni tizipita, phulusa libwera pavani ya kampani yake, tsiku limodzi lokha lakwana.

Anatenga pepala lija nayamba kuwerenga ndi mawu amene Renae anali asanawamvepo, mawu a munthu wozolowera misonkhano.

"Bambo anga ankayenda mamailosi 112 tsiku lililonse, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kuti akaponye timapepala totsatsa malonda m'mabokosi makumi asanu ndi anayi. Palibe munthu wamalonda wanzeru zake amene angalole zimenezi. Ntchito imeneyi inawadya amoyo."

"Usati inawadya," anatero a Lorna.

"Nanga inawatani?" Anaponya pepalalo patebulo. "Munthu zaka zonsezo atakhala pakati pa mpando, dzanja lamanzere pachiwongolero, lamanja lili kunja pawindo, mwendo umodzi ukufunafuna mabuleki. Msana unachita kupindika ngati chogwirira cha ambulera. Akhosomola dzinja lonse, mukawauza za dokotala akuti chiyani? Akuti Twyla, wowagwirira ntchito akadwala uja, sakuudziwa bwino msewu wakumpoto, adikire chipale chofewa chisungunuke. Chasungunuka, khansa ili ponseponse."

"Palibe anawakaniza kupita kuchipatala. Anakana okha."

"N'chimodzimodzi! Ndani anawaphunzitsa kuti dziko lingaime ngati bokosi limodzi lagona lopanda kanthu? Tsiku limene ndinkalandira setifiketi kusekondale anali kuti? Ankakumba galimoto m'matope kwa a Lindqvist."

"Anali ndi mankhwala a shuga tsiku limenelo."

"Tsiku lililonse pamakhala mankhwala a winawake, amayi!"

A Lorna anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa juzi. Renae anaona kuti juziyo inali ya bambo, ndipo anaivala chotembenuza.

Garrett anatembenukira kusinki.

"Iwe, mbale imeneyo uibowola. Tabwera uwauze amayi ako. Kapena ukufuna udzathere kusitolo ya chakudya cha ng'ombe kuja, ukudikira kuti Twyla akapuma udzatenge msewuwo ndiwe?"

Renae anatseka mpope. Anatenga thaulo.

"Mwamuona? Ameneyu ndi bokosi la makalata lenileni. Umangoponyamo, palibe chotuluka."

"Musiye mwana," anatero a Lorna.

"Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, si mwana."

Nkhope ya Renae inatentha mpaka m'makutu. Mawu anali nawo. Koma kuyambira ali wamng'ono, Garrett akayamba kulankhula, iye ankapeza mawu ake patapita ola, ali yekha kuchipinda, pamene panalibenso wowamva. Anapukuta mbale ija mkati ndi kunja, naiika pamwamba pa zinzake.

Garrett anakhala pansi. Mawu ake anatsika.

"Amayi, ine sindikunyoza bambo. Ndikufuna kuti pasadzapezekenso munthu wina wofa choncho. Kampani ingaike malo amodzi m'tauni, aliyense n'kumakatenga katundu wake akabwera kudzagula zinthu. Basi. Anthu kunoku sandimvera ine, amati ndine wa ku Denver. Koma akaona mkazi wa Milo Vosika wasaina, amva."

Anatsegula cholembera n'kuchiika m'dzanja mwawo. A Lorna anachigwira. Anavalanso magalasi, nakokera pepalalo pafupi. Renae anadziwa kuti asaina. Osati chifukwa anagwirizana nazo, koma chifukwa anatopa, ndiponso uyu anali mwana amene ankabwera kunyumba kamodzi pa chaka. Ankaopa kuti akamukaniza, ndi kamodzi komweko kadzatha.

Kunja kunamveka galimoto.

Nthawi inali itangopitirira leveni, nthawi ya positi. Koma jipu ya positi sinaime pabokosi kumsewu. Inakhota, n'kukwera kanjira ka kunyumba pang'onopang'ono ikuzemba maenje. Inaima pafupi ndi khonde. A Twyla Brandt, amene anatenga msewu wa a Milo chidwalireni, anatsika, nazungulira mbali inayo. Anamasula lamba wa mpando, natulutsa bokosi laling'ono. Analinyamula ndi manja awiri, atalitsamiritsa pachifuwa.

Renae anawatsegulira chitseko.

"Lorna," anatero a Twyla ali pakhomo, "ndabwera nawo a Milo."

A Lorna anaimirira. Mpando unagwera kumbuyo koma palibe anaudzutsa.

"Ichi n'chiyani?" Garrett anafunsa. "Ndani wakupatsani? Ine ndinawauza a zamaliro aja kuti atumize pakampani yathu."

"Moni kaye, Garrett. Wanenepa." A Twyla anaika bokosilo patebulo, pambali pa mapepala aja. "Kampani yako sinyamula phulusa la munthu. Ukafunse kuofesi kwanu. Ndipo ikanakhala kuti imanyamula, mavani anu amathera pomwe pathera tala. Katundu wa kuno mumatisiyira ife, aja osadziwa malondafe."

"Chifukwa si nzeru kutentha mafuta mamailosi makumi awiri kaamba ka phukusi limodzi!"

"Ayi, si nzerudi," anavomera a Twyla. "Lorna, pakufunika kusaina. Pepani, ndi lamulo."

A Lorna anayang'ana cholembera chimene chinali kale m'dzanja mwawo. Anasaina pakapepala ka a Twyla, dzina lonse, mosathamanga.

"Akhala kutsogolo njira yonse," anatero a Twyla akupinda kapepalako. "Ndipo aka n'koyamba kuti tiyende limodzi osandiuza kuti ndikuyendetsa ngati ndanyamula mazira." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipite. Kwatsala mabokosi khumi ndi atatu, komanso anapiye a mayi Lindqvist akulira kumbuyoko. Tionana Loweruka."

Jipu inachoka. Garrett anayenda mpaka pawindo n'kubwerera. Khosi lake linali litafiira.

"Mwaona? Mwaona zimene ndikunena? Bambo athu aponyedwa m'thumba limodzi ndi mabuku a mbewu. Masiku awiri akugudubuzika m'malole ngati nsapato zooda. Ngakhale atafa, positi yawayendetsabe msewu womwewo. Izi ndiye ndikayambira mawa." Anakankhiranso pepala lake kwa amayi ake. "Sainani, amayi. Cholembera muli nacho."

Koma a Lorna sankamumva. Anali atawerama pabokosi lija, chala chili pa adiresi.

"Awa ndi malembedwe awo," anatero.

Garrett anayang'ana. Zilembo zinali zazikulu, zopendekera kumanzere, zina zonjenjemera. Lorna Vosika, Bokosi 41, Msewu wa Kumpoto, Halvik. Pamalo pa wotumiza panalembedwa dzina limodzi lokha, Milo.

"Zatheka bwanji? Ndani..."

"Ndine."

Onse awiri anatembenuka. Renae anali atagwirabe thaulo lija.

"Ananditumiza ndine. Masabata awiri asanamwalire. Anati ndipite kupositi ya pafupi ndi chipatala ndikatenge pepala la adiresi. Ndinatenga atatu. Awiri anawaononga chifukwa dzanja linkawakanika. Lachitatuli linawatengera masana onse, ndipo anakana kuti ndiwathandize. Anafunsa nesi kuti phulusa la munthu wa msinkhu wawo limalemera bwanji, nesiyo anatuluka akulira, iwo akumuseka. Ndine ndinakalipereka kwa a zamaliro."

"Ndiye iwe unangokhala chete? Ine ndikuvutika ndi mafoni..."

"Munavutika Lolemba, achimwene. Ndinakumvani m'galaja mukukalipira munthu pafoni. A kukampani kwanu anakuuzani kuti sanyamula phulusa. Kuyambira Lolemba mwakhala mukudziwa, koma mwakhala mukuwauza amayi kuti bambo ali m'njira, pamene simukudziwa n'komwe kuti ali kuti. Nthawi yolemba pepala ili munali nayo."

"Samala pakamwa pako, Renae."

"Ndasamala zaka zonsezi." Renae sanaleke. "Inu mumati malo amodzi m'tauni. A Lindqvist saonanso bwino, laisensi anawalanda. Akatenga bwanji mankhwala m'tauni? Chaka chatha bambo anapeza makalata a dzulo akadali m'bokosi kwa a Oberle. Anakwera mpaka kunyumba, anawapeza atagwa m'bafa, tsiku lonse ali pansi. Zimenezo pepala lanu silikunena. Mwawerenga mamailosi, mwawerenga mabokosi. Ine ndimawadziwa anthu onse makumi asanu ndi anayiwo. Inunso munkawadziwa."

"Ndipo zinawapha."

"Mwina. Mwina mukunena zoona. Inenso ndinawakwiyira chifukwa cha dokotala uja, mpaka lero ndikadali wokwiya. Tsiku la setifiketi yanu sanabwere, la yanga sanabwerenso. Koma munawafunsa maganizo awo? Munabwera kuchipatala masiku awiri, tsiku limodzi munathera pafoni. Akanakuyankhani. Ankawerenga nkhani zomwezi m'nyuzipepala, ankatukwana mpaka nesi kubwera kudzatseka chitseko. Mwadikira kuti afe kuti muwalankhulire."

A Lorna anali atadzutsa mpando uja n'kukhala, dzanja limodzi lili pamwamba pa bokosi. Cholembera anali atachiika kutali, kumapeto kwa tebulo.

"Mawa pitani," Renae anapitiriza. "Mukanene zonse zimene mabwana anu akufuna, mwina zina n'zanzeru, ine sindinaphunzire ngati inu. Koma mukanene m'dzina lanu. Mukangotchula dzina la bambo, ine ndikaimirira."

"Iwe?" Garrett anayesa kuseka. "Pamaso pa anthu? Ungakomoke usanafike kutsogolo."

"Ndikakomoka akandidzutsa, ndikapitiriza."

Kuseka kuja sikunafike patali. Garrett anakhala pansi mwamphamvu. Anakokera bokosilo pang'ono kwa iye, nayang'anitsitsa zilembo zija nthawi yaitali. Atalankhulanso, mawu a misonkhano aja panalibe.

"Bwanji sanandiuze ine?"

Renae anayang'ana amayi ake, kenako pansi. Apa ndi pamene analonjeza bambo ake kuti sadzaulula. Analonjeza atawagwira dzanja, iwo akupuma movutikira.

"Ankadziwa kuti mudzafuna kuwanyamula inuyo," anatero. "Ankadziwanso kuti a kukampani kwanu adzakukanizani. Anati, 'Bokosilo lidzangofika, iye adzaganiza kuti a zamaliro anasokoneza. Usamuuze. Mwanayo anaivutikira ntchito imene ija, usamuchititse manyazi pamaso pa mayi ake.'"

Anapinda thaulo lija n'kulipachika pachitseko cha uvuni.

"Amenewo anali bambo. Ine ndakuuzani."